Sanali Gwape

Mvula inayamba mwadzidzidzi madzulo amenewo, ndipo anthu onse amene ankadikira basi pafupi ndi msika wa nsomba mumzinda wa Tongyeong anathithikana pansi pa kadenga kamodzi. Dasom anali kumapeto, phewa lake likunyowa. Anali atangoweruka kuchipatala, kumene ankaphunzitsa anthu ovulala kuyambiranso kuyenda.

Mnyamata wamtali amene anaima pambali pake anasuntha.

"Lowani kuno achemwali, ine ndanyowa kale."

"Zikomo," anatero Dasom. Atamuyang'ana kachiwiri analephera kudzigwira, anangophulika kuseka.

"Mukuseka chiyani?"

"Pepani. Khutu lanu ndi lobiriwira!"

Mnyamatayo anagwira khutu lake, osachita manyazi n'komwe. "Lero ndimapenta galimoto ya abusa. Dzulo linali lofiira. Mukanabwera dzulo mukanandikonda."

"Wanena zokonda ndani?"

"Palibe. Ndikungokonzekera."

Dzina lake anali Munho, ndipo ankagwira ntchito yowongola ndi kupenta magalimoto ogundidwa pa galaja ina kuseri kwa doko. Basi ya Dasom itafika nayenso anakwera, ngakhale kwawo kunali mbali ina. Asanatsike anali atadziwa kale kuti Dasom ndi wamkulu kwa iye ndi chaka chimodzi, ndipo nambala ya foni inali italembedwa pamkono pake.

Uthenga woyamba unafika m'mawa mwake.

"Achemwali, lero khutu ndi loyera. Lingakuperekezeni kukadya?"

"Ndiona kaye ngati ndi loyeradi," anayankha Dasom.

Chikondi chinayamba choncho. Loweruka lililonse Munho ankamudikira pageti pa chipatala ndi mabanzi a uchi otentha m'pepala. Ankakwera limodzi kaphiri ka nyumba zojambulidwa zithunzi, n'kumaonera maboti akulowa padoko. Tsiku limene Dasom anamutchula kuti "iwe" koyamba, Munho anaima chilili pakati pa msewu mpaka woyendetsa takisi anamuimbira hutala.

"Unenenso!"

"Iwe Chikhutu, choka pamsewu ungafe!"

"Ndife lero? Zosatheka, uchi wanga. Moyo wangoyamba kumene."

Kodi alipo mtsikana amene akanapanda kugwa nazo zimenezi? Anzake a kuntchito anayamba kumuseka kuti akumwetulira ngakhale pokankha njinga ya olumala yopanda munthu.

"Ndikulonjeza chinthu chimodzi," analemba Munho tsiku lina. "Ndingakhale wopanda nyumba, wopanda galimoto, koma bodza sudzalimva pakamwa panga."

Dasom anausunga uthengawo.

Patatha miyezi itatu, Munho anati, "Pali munthu amene uyenera kumuona. Akakukana iyeyo, ndiye kuti ndili pamavuto."

Munthuyo anali Gichan, mkulu kwa Munho ndi zaka ziwiri, wonenepa, wa mawu aakulu, amene ankaperekera nsomba m'malesitilanti pa kalole kake ka buluu. Anabwera ndi mkazi wake Yeonju, yemwe anali woyembekezera. Asanakhale n'komwe pansi, Gichan anatambasula manja.

"Alamu! Mwachiona chiyani chimunthu ichi? Mutiuze zoona, maso anu ali bwinobwino?"

"Achimwene, musandionongere!" anatero Munho.

Anawotcha nyama ya nkhumba patebulo, Gichan akukulunga nthuli m'masamba n'kumaunjika pambale ya Dasom. Kenako anayamba nkhani ya kuusilikali, imene Yeonju anati waimva kambirimbiri. Anali paulendo wapansi m'mapiri nthawi yozizira, Munho anaterereka n'kugwera kuphompho, mwendo n'kuthyoka. Anzawo anali atapitirira. Gichan yekha ndi amene anabwerera, ndipo anamubereka maola anayi m'chipale chofewa chofika m'mawondo.

"Njira yonse akulira, 'Amayi! Amayi!'" anatero Gichan.

"Bodza! Amene ankalira ndinu!"

"Ndinkalira chifukwa unkalemera ngati ng'ombe!"

Onse anafa nacho chiseko. Koma pobwerera Munho analankhula motsitsa. "Madokotala anati likanadutsa ola lina, ndikanauma. Moyo ndikuyenda nawowu ndi wa munthu uja."

Dasom anamugwira dzanja. Nayenso anali atamukonda Gichan.

M'mawa wina mu Okutobala kunachita nkhungu yoti sungaone munthu ali patsogolo pako. Munho anali yekha pagalaja, abwana ake asanafike, pamene kalole ka buluu kanalowa. Nyali yakumanja inali yosweka, kutsogolo kutapindika.

"Ndagunda gwape ku msewu wa Sanyang," anatero Gichan. "Undikonzere msanga, abwana ako asanabwere."

Munho anagwada kuti aone bwino. Pachitsulo panali mikwingwirima ya penti yofiira. Analowetsa zala pamene panapindika, ndipo anatulutsa kagalasi kakang'ono, kaja kamakhala kumbuyo kwa njinga.

"Achimwene, gwape wake wokwera njinga?"

Gichan, chimunthu chonse chija, anakhala pansi pa simenti ya mafuta.

"Sindinamuone, Munho! Ndi nkhalamba. Ndinaima, ndinamuona akugwedezeka m'ngalande. Koma mowa wa dzulo unali usanandichoke. Ndinaganiza za ndende, ndinaganiza za mwana. Ndinangozindikira ndikuthawa."

"Munamusiya pomwepo?"

"Ndinadutsanso patapita nthawi, ndinaona ambulansi. Ali moyo, ndikukhulupirira ali moyo." Anagwira mwendo wa Munho, mwendo womwe uja. "Sindinakupemphepo kanthu chiyambire. Lero ndikukupempha."

Munho anayang'ana kagalasi kaja, n'kuyang'ananso mnzakeyo. Kodi ungamukane bwanji munthu amene anakubereka pamsana? Anatseka chitseko cha galaja. Pofika masana kalole kanali ngati katsopano.

Masabata awiri atadutsa, Dasom analandira wodwala watsopano, ndipo anabwera ndi nkhani yake ku chakudya chamadzulo.

"Chikhutu, ukanawaona agogo amene andipatsa! Dzina lawo a Pyeon, zaka sevente-folo, mlimi wa mbatata. Mkamwa mwawo muli moto. Ndikati kwezani mwendo, amati, 'Kweza wako, mwana iwe!'" Anaseka, kenako nkhope inasintha. "Anathyoka chiuno ndi mwendo. Galimoto inawagunda akupita kumsika ndi mbatata panjinga, woyendetsa n'kuthawa. Anagona m'ngalande maola awiri akuitana. Akazi awo saona bwino, panopa akusamalidwa ndi aneba. Apolisi apachika chinsalu pamsewu wa Sanyang kufunafuna mboni. Munthu wotani amene angachite zimenezi?"

Timitengo todyera tinaima m'manja mwa Munho.

"Bwanji? Sukudya?"

"M'mimba," anatero Munho. "Sindikumva bwino."

Limenelo linali bodza loyamba. Ena anatsatira. Nthabwala zinachepa, mauthenga anafupika, ndipo Dasom anayamba kudzifunsa ngati pabwera mtsikana wina. Akanadziwa!

Lamulungu lina masana ali m'mbali mwa nyanja, Dasom anatenga foni ya Munho kuti amujambule.

"Seka, iwe! Ukuoneka ngati wabwera kumaliro."

Nthawi yomweyo uthenga unalowa, ndipo unaoneka pamwamba pa chithunzi. Unali wa Gichan.

"Apolisi akuyenda m'magalaja kufunsa za malole a buluu. Nyali yosweka ija unataya? Alamu usawauze, paja agogo aja ali m'manja mwawo."

Dasom anawerenga kawiri. Anatembenuza foniyo kuti Munho aone.

"Ndiuze kuti ndamva molakwika."

Munho sanakane. Anafotokoza zonse atazyolika, kuyambira nkhungu mpaka kagalasi.

"Masabata atatu!" anakuwa Dasom. "Ine ndikukuuza za agogo aja tsiku ndi tsiku, iwe ukungogwedeza mutu! Suja unati bodza sindidzalimva pakamwa pako?"

"Uchi wanga, tamvera..."

"Usanditchule choncho!"

"Ukufuna ndichite chiyani? Ndikamupereke munthu amene anandipulumutsa? Mkazi wake achira mwezi wa mawa! Agogo aja ali moyo, akuchira. Gichan akamangidwa, chiuno chawo chilumikizika msanga?"

"Ukudziwa chimene amandifunsa m'mawa uliwonse? Amati, 'Mwana iwe, kodi ndinkaoneka ngati galu?' Sadandaula za kugundidwa, amati ngozi ndi ngozi. Chimawapweteka n'chakuti munthu anaima, anawaona, n'kupita." Misozi inali mbwee. "Mawa ndikawagwira dzanja ndikudziwa zonse. Wandisandutsa wabodza nanenso."

"Ndi m'bale wanga, Dasom."

"Nanenso ndimamukonda! Ukuganiza kuti sizikundiwawa? Koma ubale wanu mukuulipira ndi mafupa a munthu wina." Anapukuta m'maso. "Lachisanu ndikupita kupolisi. Ndikufuna ndikapeze utafika kale."

Anamubwezera foni ndi manja awiri, n'kuwerama pang'ono ngati kwa mlendo.

"Tsalani bwino, a Munho."

Mawu aulemu amenewo anamubaya Munho kuposa chitonzo chilichonse.

Lolemba masana Munho anapita kudoko, nakapeza Gichan akukweza mabokosi a nsomba.

"Achimwene, Lachitatu nthawi ya naini ndikukanena kupolisi zimene ndinachita. Ndikanena zanga, zanu zitulukanso. Chonde mukafike inu poyamba. Munthu wodzipereka yekha amamumvera chisoni."

Gichan anaika bokosi pansi pang'onopang'ono. "Chifukwa cha mkazi?"

"Iye wangondiuza zimene ndinkadziwa kale. Sindikugona, achimwene. Inu mukugona?"

Mbama inalira, phaa! Anthu a pamaboti anatembenuka.

"Ndikanakusiya kuphiri kuja!"

"Mukanatha kutero, koma simunatero," anatero Munho, tsaya likuyaka. "Munabwerera nokha, palibe anakutumani. Achimwene amenewo ndi amene ndabwera kudzawaitana. Ndikudikirani pageti pa polisi."

Lachitatu anadikira mpaka teni koloko. Gichan sanabwere. Munho analowa yekha ndi jumbo, momwe munali nyali yosweka ndi kagalasi kaja, pakuti manja ake anali atakana kuzitaya. Anafotokoza zonse, zakenso zomwe.

Akutuluka cha kumasana, takisi inaima pageti. Munatsika Yeonju, mimba ili patsogolo, atagwira malaya a mwamuna wake ngati akutsogolera mwana kusukulu. Gichan anadutsa osamuyang'ana Munho. Yeonju anaima pang'ono, maso ali psuu.

"Wandiuza dzulo," anatero. "Ndamuuza kuti kuli bwino mwana akaone bambo ake kundende, kusiyana n'kuti akule ndi bambo othawa mthunzi wawo."

Zotsatira zake zinali zowawa. Gichan anagamulidwa chaka ndi theka. Munho anachotsedwa ntchito, ndipo khoti linamulamula kusesa misewu ndi kutola zinyalala m'mbali mwa nyanja kwa miyezi iwiri. Anzawo a kuusilikali anamuchotsa pagulu lawo la pafoni, mmodzi atalemba kaye mawu amodzi okha: "Kapirikoni."

Kwa Dasom, Munho analemba kamodzi kokha. "Ndapita kupolisi. Sindikupempha kanthu."

Dasom anawerenga ali m'kachipinda kosinthira zovala, analira mpaka mnzake anagogoda. Analemba yankho, n'kufufuta. Analembanso, n'kufufutanso. Kodi munthu amene anakunamiza masabata atatu akukuyang'ana m'maso ungamukhulupirire mawa lake lomwe?

Mu Disembala, Dasom ali m'chipinda cha masewera olimbitsa thupi ndi agogo Pyeon, amene anali atagwira zitsulo ziwiri zoyendera, chitseko chinatseguka. Analowa Munho atavala suti yomukulira, atanyamula bokosi la manachesi. Anali ataonda. Sanayang'ane Dasom. Anaika bokosi pansi, anagwada, n'kugunditsa chipumi pansi.

"Agogo, ndine Munho. Ndine amene ndinakonza galimoto ija n'kubisa nyali. Ndinalakwa kwambiri."

Agogo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiwenso amene unakaulula?"

"Inde, agogo. Mochedwa."

"Mochedwadi." Agogo anapuma mozama. "Mnzako uja anandilembera kalata. Masamba anayi, zilembo zoipa ngati mapazi a nkhuku. Akazi anga analira, ine ayi." Anakankha phewa la Munho ndi phazi lawo labwino. "Dzuka, ukutseka njira. Manachesiwo ndi otsekemera?"

"Sindinalawe, agogo."

"Wabwera kudzapepesa ndi zinthu zosalawa? Chitsiru! Senda limodzi." Kenako anayang'ana Dasom, amene anali ataima ngati chipilala, nkhope ili phuli. Anayang'ananso Munho. "Ohoo! Ndiye ndiwe? Mwezi wonse mtsikana uyu akundiwerengera masitepe molakwika. Wani, thuu, faifi! Ndimayesa sanapite kusukulu."

"Agogo!" anatero Dasom.

"Tamvera mnyamata. Uyu ndi woonda, ndikagwa tigwera limodzi. Kuyambira mawa uzibwera kudzandigwira. Chilango changa n'chimenecho."

Munho anabwera mawa lake, ndi mkuja wake, ndi masiku onse otsatira. Akamaliza kusesa misewu ankathamangira kuchipatala, n'kuima kumbuyo kwa agogo atawagwira lamba. Loweruka ankapita kumudzi kwawo kukawaza nkhuni ndi kuwawerengera agogo aakazi makalata a kuchipatala. Ndi Dasom ankangolankhula za ntchito.

"Gwirani apa."

"Chabwino."

"Osakoka, mungowatsatira."

"Chabwino."

"Ha! Ngati maliro a munthu wopanda abale," ankadandaula agogo.

Tsiku lina Dasom anamupeza pakhonde akuyang'ana foni, akuseka uku misozi ikutsika. Anafuna kudutsa, koma miyendo inakana.

"Chachitika n'chiyani?"

Munho anamuonetsa chithunzi cha khanda lonenepa, la masaya ngati a Gichan. Pansi pake Yeonju analemba kuti: "Ndinapita naye kukaona bambo ake. Akuti ndikuuze kuti sanakukhululukire. Akutinso tayala la chikuku cha mwana likulira, ubwere udzakonze, chifukwa amakaniko ena ndi akuba."

Dasom anaseka, koyamba pa miyezi iwiri, kenako anagwira pakamwa.

"Upita?"

"Ndikupita lero lomwe." Munho anayang'ana pansi. "Dasom, ndinakulonjeza chinthu chimodzi chokha, n'kuchiphwanya. Sindikulonjezanso. Ungondiyang'anira, uone wekha."

Dasom anangobwerera kuntchito yake. Koma madzulo amenewo, Munho akukhwimitsa tayala la chikuku, foni yake inalira. Unali uthenga wa Dasom.

"Wadya?"

Anawerenga mawu amodziwo mwina kakhumi. Yeonju anachita kumulanda sipanala kuti ingagwere mwana.

Mu Febuluwale linafika tsiku loti agogo Pyeon ayende osagwira kanthu. Anamwino anasonkhana, agogo aakazi anabwera atavala diresi lawo la pa zikondwerero. Dasom anaima kumbuyo, Munho kutsogolo atatambasula manja.

Agogo anasiya zitsulo. Phazi limodzi. Lachiwiri. Anadzandira, onse anati "Ee!", koma anakhazikika. Lachitatu, lachinayi, mpaka lakhumi, ndipo anagwira dzanja la Munho. Chipinda chonse chinaphulika m'manja. Agogo aakazi ankafunsa aliyense, "Afika? Afikadi?"

"Khalani pansi tsopano, mupume," anatero Dasom, akukankha mpando.

"Sindikhala."

"Agogo, mwendo utopa!"

"Utope! Ndayenda masitepe khumi ndi chiuno cha chitsulo. Inu awiri muli ndi miyendo yabwinobwino, mukulephera atatu? Sindikhala mpaka nkhani yanu ithe. Ndikagwa, mlandu ndi wanu."

Munho analibe ntchito yokhazikika, analibe mphete, dzina lake linali m'mabuku a khoti. Akanapempha chiyani?

Dasom anamuyang'ana. Anaona manja osweka ndi chisanu cha m'misewu, atagwira nkhalamba mosamala ngati dzira. Anayenda masitepe atatu aja.

"Iwe, ndine wamkulu kwa iwe, ndiye ndilankhula ndine. Unandipweteka. Ukadzandibisiranso kanthu, ngakhale kakang'ono, ndidzakuthyola mwendo ndekha, ndipo sindidzakuphunzitsa kuyenda."

"Ndamva."

"Chabwino. Undikwatira kapena ayi?"

"Dasom, ine panopa ndilibe..."

"Sindinafunse zimene uli nazo!"

"Inde!" anakuwa Munho. "Inde, lero, mawa, tsiku lililonse ungafune!"

Anaiwala zonse n'kutambasula manja kuti amukumbatire.

"Iwe! Usandisiye, chitsiru!" anakuwa agogo.

Awiriwo anawawakha pamodzi, wina uku wina uku, n'kuwakhazika pampando anamwino akugubuduka ndi chiseko. Dasom anabisa nkhope pachifuwa cha Munho, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Ukwati tiuchita liti?" ananong'ona Munho. "Mwezi wa mawa?"

Dasom anapukusa mutu. "Tidikira alamu atuluke. Abwere kapena asabwere, mpando wawo udzakhalapo."

Munho anangomufinya kwambiri.

"Chaka chonse?" anatero agogo, akupuma wefuwefu. Anaganiza pang'ono, n'kumenya bondo lawo. "Zili bwino, mpata ulipo. Mtsikana iwe, pukuta misoziyo. Kuyenda ndatha. Mawa uyambe kundiphunzitsa kuvina!"